Mwala Wamabowo wa kwa a Zou

Suzhou, 6 Sepitembala 1953

Okondedwa Amake Yinhua,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa mwana wathu Yinhua, ndi wa amayi ndi mwendo wawo uja. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kamene ndinachoka nako ku Wuxi. Moni apitenso kwa alamu anga a Sanyuan amene akukuwerengerani kalatayi. Alamu, muwerenge zonse, musamadumphe mizere imene simukuikonda.

Ntchito yonyamula matumba pa doko la ku Wuxi inatha, ndiye ndabwera kuno ku Suzhou. Akuluakulu a mzinda akukonzetsa munda wakale wa banja la a Zou, ndipo atilemba anthu makumi asanu ndi limodzi. Ndati munda, koma musaganize za nyemba kapena mpiru. Muli dziwe, timilatho tokhotakhota, tinyumba topanda makoma ndi miyala. Eni ake anathawa nkhondo, asilikali anausandutsa khola la akavalo, ndipo iwo atachoka munalowa mabanja osowa pokhala. Ndowe zake n'zofika m'mawondo. Mtima umandiwawa kuona manyowa otere akukwera bwato kupita ku minda ya eni, pamene wathu madzi osefukira anausiya mchenga wokhawokha.

Mawu anu ndawamva: kuti zaka ziwiri zakwana chichokere ine, ndipo Chaka Chatsopano chathu cha mu Febuluwale chikadutsa ndisanapeze pokhazikika, abale anu adzakutengani ndi mwana yemwe kubwerera kwanu. Sindikukuimbani mlandu. Mkazi sakwatiwa ndi makalata. Koma tamvani izi. A Lou, amene amatiyang'anira kuchokera ku ofesi ya mzinda, atiuza kuti mundawu udzatsegulidwa kwa anthu onse pa Chaka Chatsopano. Asanu mwa ife adzalembedwa ntchito yokhazikika, aliyense ndi chipinda chake kuseri kwa chipata, choti akhalemo ndi banja. Mmodzi wa asanuwo ndine. Iwo sanadziwebe, koma ine ndikudziwa.

Anthu a kuno amalankhula mofewa ngati akunyengerera khanda, ngakhale pokutukwana. Ife a kumpoto kwa mtsinje amationa ngati ng'ombe zobwereka. Ndiwo zonse amathira shuga, ndi nsomba yomwe, moti ndikulakalaka mpiru wanu wamchere uja.

Ndatumiza mayuwani 120,000. Mugule mchere ndi thonje loika m'malaya a Yinhua kusanazizire. Denga la kumbuyo mupemphe alamu akuthandizeni kufolera.

Ndine mwamuna wanu,
Baotian

Suzhou, 11 Okutobala 1953

Amake Yinhua,

Kalata yanu inafika, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti amayi ayamba kutuluka panja. Inenso ndili bwino.

Ndowe tamaliza. Nditawauza a Lou kuti kwathu ndimamanga nyumba, anandipereka kwa a Gong, mmisiri wamkulu wa miyala. Ndi kankhalamba kakafupi, kouma ngati nsomba yapadzuwa, ndipo bambo awo anagwiranso ntchito m'munda womwe uno nthawi ya a Zou. Anandipatsa khoma lakugwa kuti ndilidzutse. Nditamaliza analiyang'ana nthawi yaitali.

"Khoma lako lawongoka," anatero.

Ine mano onse panja.

"Sindikukuyamikira, Wakumpoto. Ndikungonena."

Kuno chowongoka sachifuna. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Amisiri, kamlatho kakafupi chonchi, makona onsewa ndi a chiyani? Titauwongola munthu angawoloke msanga." Iwo anati, "Ukuthamangira kuti?"

Mabanja aja asamuka onse kupatula Azakhali a Pu, mayi wamasiye amene ankaluka nsalu za silika maso asanafooke. Akhala zaka khumi ndi ziwiri m'kanyumba ka m'mphepete mwa dziwe, kamene anakatchinga okha ndi matabwa. A Lou anabwera kudzawanyengerera.

"Mayi, mundawu tsopano ndi wa anthu onse."

"Nanga ine ndine nkhuku?"

"Sinditero, mayi, koma kanyumbaka ndi chuma cha mzinda."

"Denga likudontha, chuma cha mzindacho ankachiziga ndani? Mundipezere pogona, ndituluka ndekha. Musandipatse pepala, pepala silifunda."

A Lou anachoka akupukuta magalasi awo. Si munthu woipa, koma ntchito yawachulukira. Mzinda ulibe ndalama zosemetsera zitseko zatsopano, ndiye amayenda khomo ndi khomo kupempha zakale. Anthu akubweretsa okha. Dzulo gogo wina anafika atasenza zenera losema la m'nyumba ya makolo ake, nati likhale poti adzukulu ake azidzaliona. Ndinayamba kuwakonda pang'ono anthu a shugawa.

Tsopano nkhani yeniyeni. Pakati pa munda pali mwala wautali kuposa anthu awiri, akuti unachokera pansi pa nyanja ya Tai. Koma ndi wachisoni, Amake Yinhua. Uli mabowo okhaokha ngati mzati wodyeka ndi chiswe. Azakhali a Pu akuti asilikali ankalowetsamo zingwe za akavalo, ndiye ndikuona kuti anauwononga ndi iwowo. Aliyense wodutsa amaima, kuuyang'ana, n'kuusa moyo. A Gong omwe amaima pamenepo m'mawa uliwonse chete, koma palibe amene akuukonza. Mwina ntchitoyo akuiopa.

Lamlungu likudzali anthu onse adzapita kokapuma. Ine ndasunga laimu ndi mchenga wosefa bwino, ndipo mpeni wanga womangira ndaunola. Lolemba a Gong adzadziwa kuti kumpoto kulinso amisiri. Muyambe kuganiza za katundu woti mudzatenge.

Wanu,
Baotian

Suzhou, 8 Novembala 1953

Amake Yinhua,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino. Ndachedwa kulemba chifukwa cholembera chinkandilemera.

Mwala uja ndinaukonza. Ndinatseka mabowo onse, aakulu ndi aang'ono omwe, n'kusalaza bwino moti dzanja limatsetsereka. Lolemba m'mawa ndinaima pambali pake ndikudikira. A Gong anafika, anayang'ana, anavula chipewa, kenako anangokhala pansi pa dothi lonyowa.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, Amisiri," ndinatero chifuwa chili patsogolo.

"Iwe wekha?"

"Ndekha. Tsiku limodzi lokha."

"Tsiku limodzi! Madzi a m'nyanja anatha zaka zosawerengeka akuboola mwalawu, iwe n'kuutseka tsiku limodzi. Anthu inu bwerani mudzaone munthu wamphamvu kuposa nyanja!"

Anthu anabweradi. Apa m'pamene ndinamva kuti mabowo aja si a asilikali. Mwalawo mtengo wake ndi mabowowo. Agogo a a Zou anagulitsa minda ya mpunga kuti aupeze, ndipo kuusa moyo kuja sikunali chisoni, anthu amatero poona kukongola. Safunsa anadya phula, Amake Yinhua, ndipo ine ndadya chisa chonse. Ndinachita manyazi oti sindinachitepo chibadwire.

Alamu, sekani, ndakupatsani mpata. Mukamaliza mupitirize kuwerenga.

A Lou anati ndimange katundu tsiku lomwelo. A Gong anakana. Anati, "Asapite. Wataya madzi akolope yekha. Koma chitsulo chisakhudze mwalawu, chimasiya chipsera. Mpatseni nsungwi ndi viniga." Ndiye ntchito yanga tsopano ndi imeneyo. Ndimasongola kansungwi, ndimanyowetsa laimu ndi viniga, n'kumakokota pang'onopang'ono. Tsoka lake n'lakuti laimuyo ndinamusakaniza bwino kwambiri, monga mukundidziwa. Anzanga andipatsa dzina lakuti Sing'anga wa Miyala, ndipo akamadutsa amati, "Asing'anga, wodwala wagona bwanji?"

Ndalama mwezi uno ndatumiza zochepa, chifukwa andidula za laimu ndi viniga. Za asanu aja tisakambe lero. Amayi musawauze nkhaniyi, mungoti ndikugwira ntchito ya miyala, limene si bodza.

Wanu,
Baotian

Suzhou, 13 Disembala 1953

Amake Yinhua,

Kodi muli bwanji kumeneko? Kalata yanu mwezi uno sinafike. Ndikudziuza kuti ndi mabwato amene akuchedwa ndi mphepoyi. Ine ndilipo. Kachifuwa kaja musakaganizire, ndi ka nyengo chabe.

Kuzizira kwa kuno n'konyowa, kumalowa m'mafupa. Zala zang'ambika, ndipo viniga akalowa m'ming'alumo ndimakumbukira makolo anga onse ndi mayina awo. Ndamva kuti anzanga anabetcherana fodya, ena akuti ndithawa mwezi usanathe, ena akuti sabata ino. Kunena zoona, tsiku lina ndinafika mpaka pa doko n'kufunsa mtengo wa bwato la ku Shanghai. Koma ndinaganiza kuti mwalawo ukhala choncho, theka lotseka theka lotsegula, ndipo anthu a kuno azidzauza ana awo kuti anachita zimenezi ndi munthu wa kumpoto. Ndinabwerera. Obetcha aja aluze fodya wawo.

Amene wandisunga ndi Azakhali a Pu. M'mawa uliwonse ankabwera ndi madzi otentha othira ginja, n'kukhala pa kampando kawo akundiyang'ana.

"Mwana wanga, kodi kwanu mulibe miyala?"

"Ilipo, Azakhali, koma yathu ndi yamoyo wathanzi."

"Ndiye unabwera kudzachiza yathu. Ine zaka zonsezi ndinkalowetsa nsungwi yoyanikira zovala m'bowo lapamwambalo. Ndimati mbuli ya m'munda muno ndine, koma wandilanda mpando."

Amandiuza zambiri. Akuti ndege zikabwera nthawi ya nkhondo, ana ankabisala kuseri kwa mwalawu n'kumasuzumira kumwamba pa mabowowo. Akuti mvula ikagwa, madzi amalowa pamwamba n'kumatuluka bowo ndi bowo ngati akusewera. Mawu amenewo ndinawaona ndi maso sabata yatha, mbali imene ndatsegula. Ndinaima pamvula ngati chitsiru. Palinso bowo lina loti ukayikapo diso, umaona nsanja ya kachisi wa kutsidya kwa mzinda itakwana ndendende. Amene anaimika mwalawu anaupotoza dala kuti ziwoneke choncho. Munthuyo anafa kalekale, koma ndinamva ngati wandigwira phewa.

Azakhali asamuka Lachitatu. A Lou sanaiwale pempho lawo lija, awapezera zipinda ziwiri m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande. Ndinawanyamulira bedi ndi mbiya. Potuluka pa chipata analira, kenako anandikalipira kuti ndanyamula mbiya mozondoka. Amabwerabe ndi madzi a ginja aja, ngakhale tsopano ndi kamtunda.

A Gong sandilankhula. Amadutsa, amalowetsa chala m'bowo, amachinunkhiza, n'kumapita.

Nkhuni zikatha muthyole mpanda wakale wa kumunda, ndidzamanga wina. Mundilembere, ngakhale mzere umodzi. Ngakhale wokalipa.

Wanu,
Baotian

Suzhou, 17 Januwale 1954

Amake Yinhua,

Moni kwa inu, kwa Yinhua, kwa amayi ndi kwa alamu. Ine ndili bwino, ndipo zala zayamba kupola.

Mwala ndamaliza Lachinayi. A Gong anati maso amanama, mwala wotere amauyesa ndi utsi. Anaunjika mapesi a mpunga onyowa m'phanga la pansi pa mwalawo n'kuyatsa. Ngati njira zonse za m'kati zatseguka, utsi umayenera kutuluka bowo lililonse. Antchito onse anasiya makasu. A Lou anabwera, Azakhali a Pu nawonso anabwera ndi kampando kawo.

Poyamba panalibe kanthu. Kenako kautsi kanatulukira pansi, kena kumbali, kena kumbuyo, mpaka mwala wonse unali kufuka kuyambira kuphazi mpaka kumutu. A Gong anauzungulira pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo, akusuzumira bowo ndi bowo. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Asing'anga, wodwala wachira!" Onse anaseka, ndipo ine misozi inatuluka. Ndinawauza kuti ndi utsi.

A Gong anangoti, "Hmm," n'kupita kukayang'ana mlatho.

Tsopano mundimvere bwino, chifukwa sindikufuna kuti muzimve kwa wina. Dzulo a Lou atchula asanu aja. Ine mulibe. Anandiitanira pambali nati, "Baotian, wakonza zimene unawononga, zimenezo taziona. Koma anzakowa miyezi itatu imeneyi amamanga, iwe umafafaniza. Ndikakusankha ndiwauza chiyani?" Ndinafuna kukwiya koma ndinasowa poyambira. Munthuyo ananena zoona.

Ntchito yathu ithera pa tsiku lotsegula munda, ndiye Chaka Chatsopano chino sindifika kumudzi. Pambuyo pake sindikudziwa. Ndinalonjeza chipinda ndipo chipindacho ndachitaya ndi manja anga. Ndinaganiza zolemba kuti muli mfulu kuchita monga abale anu akufunira, monga amalembera amuna olimba mtima. Ndayesa kawiri, dzanja likukana. Ine si wolimba mtima, Amake Yinhua. Ndikukufunani inu ndi mwana wanga, ndipo ndikukupemphani kuti mudikire mpaka kalata yotsatira.

Alamu, mzere umenewo muwerenge mokweza.

Ndatumiza kansalu kofiira ka Yinhua ka pa Chaka, ndi maswiti a mtedza wa paini a amayi. Ndi ofewa, mano sawavuta.

Wanu,
Baotian

Suzhou, 14 Febuluwale 1954

Okondedwa Amake Yinhua,

Chaka chabwino kwa nonse. Ine ndili bwino kwambiri, ndipo kalata yanu yafika. Ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika popinda. Ndiye munawauza abale anu kuti munthu wotseka mabowo a mwala sangasiyidwe yekha pa dziko, angadzivulaze? Ndaseka, kenako ndalira. Alamu, zikomo polemba mawuwo osawasintha, ngakhale ndikudziwa kuti munakondwa powalemba.

Munda unatsegulidwa. Anthu anayamba kuima pa chipata dzuwa lisanatuluke, oluka nsalu, opalasa mabwato, ana asukulu, agogo oyenda ndi ndodo. Ambiri anabadwira kuseri kwa khomali koma anali asanaonepo m'kati mwake. Gogo uja anapeza zenera lake, ndipo tsiku lonse anaima pomwepo akuuza aliyense kuti n'lakwawo. Azakhali a Pu analipira tikiti ngati wina aliyense, n'kukakhala m'kanyumba kawo kakale akuuza alendo pomwe panali mbaula.

Madzulo ake ndinapita kukatsanzika kwa a Gong. Ndinawapeza akuthira tiyi, ndipo theka linkatayikira pa tebulo. Manja awo amanjenjemera, ine ndinali ndisanazindikire.

"Ukupita kuti, Wakumpoto?"

"Kosaka ntchito, Amisiri."

"Kuti ukatsekenso chiyani? Zitsime za anthu? Khala pansi."

Anandiuza kuti mzinda uli ndi minda ina yakale yodikira kukonzedwa, ndipo ofesi yawalola kutenga wophunzira mmodzi, poti manja awo atha. Ndinati pali anyamata ambiri ochenjera kuposa ine.

"Ochenjera ndawaona ambiri. Wochenjera akalakwitsa, m'mawa umapeza mphasa yokha. Iwe ndiwe mbuli, koma ukalakwa sumathawa. Ndiponso palibe wina m'mzinda muno amene walowetsa dzanja m'bowo lililonse la mwala uja. Ine ndemwe sindinatero."

"Ndiye mukundiyamikira, Amisiri?"

"Usandiyese. Zaka zitatu, malipiro a wophunzira, ndipo chilichonse uzifunsa usanachigwire. Ngakhale tsache."

M'mawa mwake ndinachita mwambo wake. Bambo wa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndevu pakamwa, ndinagwada pamaso pa anthu, ndinagunditsa chipumi pansi katatu, n'kupereka kapu ya tiyi ndi manja awiri. Analandira, anamwa, nati tiyi wazizira. Akuti kwa iwo amenewo ndi madalitso.

Sindikubisirani, malipiro a wophunzira ndi ochepa, ndipo chipinda cha kuseri kwa chipata si changa. Koma Azakhali a Pu atamva anandikoka khutu. Anati, "Zipinda ziwiri ine ndekha ndizichita nazo chiyani? Kuli zii ngati kumanda. Itana mkazi wakoyo, ndimuone munthu amene anakulola." Akuti adzakuphunzitsani kupota ulusi wa silika, ndipo kumene ankagwira ntchito amalandira amayi. Lendi akana, akuti tizingowatungira madzi. A Lou alemba kalata yoti inu ndi mwana mukhale kuno, ndaiika m'kati momu, muisunge pouma.

Tsono chitani izi. Munda wathu muwabwereke alamu alime chaka chino, ndipo amayi akhale kwa achemwali anga mpaka tione m'mene zikhalire. Mutenge zofunda zonse ziwiri, mphika wachitsulo, ndi kambiya ka mpiru wamchere. Zina musavutike nazo. Mukwere bwato la Lachisanu loyamba la mwezi wamawa, mukawoloke mtsinje, ndipo musatsike paliponse mpaka mutamva akuitana Suzhou. Ine ndidzakhala pa doko. Ngati simundizindikira, muyang'ane munthu wonunkha viniga.

Chipindacho ndachipaka laimu, nthawi ino nditafunsa kaye. Dzulo ndinapempha matabwa otsala kuti ndikhome kabedi ka Yinhua. Ndinanola sowo, ndinagwira thabwa, ndiye ndinangoima. Sindikudziwa kuti mwana wanga ndi wamtali bwanji. Ndinamusiya akundifika m'chiuno, ndipo m'mutu mwanga akadali pomwepo. Ndinati ndikupempheni mumuyeze ndi ulusi n'kuutumiza m'kalata, koma ayi, musatero. Matabwawo ndawaimika pakona osadula. Mubwere naye, ndidzamuyeze ndekha.

Ndine mwamuna wanu wokudikirani,
Baotian